Kangalande Kanga ndi Munda wa Alamu

Munda wanga wa mbatatesi ku Bembeke uli kumtunda, wa alamu anga amasiye, a Nachisale, uli kumunsi kwake. Alangizi atati tidzale udzu wa vetiva wotchinga madzi, ine ndinachita ulesi. Ndinangokumba kangalande kuti madziwo azithamangira kwa alamuwo. Chimvula chitagwa, chigwembe chinang'amba munda wawo pakati.

Ndinawapeza kumalire akutola timbatatesi m'matope.

"Alamu, ndinalakwitsa pati ine?" anandifunsa.

"Mizere yanuyi njokhota," ndinayankha, phazi langa litatseka pakamwa pa kangalandeko. "Vuto lanu simumvera alangizi."

Anandithokoza mpaka kuwomba m'manja. Chaka chino aunganso mizere yonse okhaokha, ngakhale amadwala msana. Kangalande kaja sindinakakwirirebe.