Lilime la Khukhi Wyson

A Wyson Namakhwa anali khukhi, ndipo ankafuna kuti udziwe zimenezo usanamalize n'komwe kuwapatsa moni. Anabadwira cha ku Milonde, kwa makolo amene anachokera ku Mozambique atasenza mphasa ndi makasu basi. Anzawo onse anakulira m'mizere ya tiyi, dengu lili kumsana, koma iwo mwayi unawagwera: analowa m'khitchini ya mzungu woyang'anira esiteti ina m'munsi mwa phiri, nakhalamo zaka makumi awiri. Pa zonse zimene ankaphika, mapayi ndiwo anawatchukitsa. Analipo a nyama, a anyezi ndi tsabola, ndiye panali otsekemera, a chinanazi. Dona wa panyumbapo ankati a Wyson ali ndi manja ozizira, ndipo pa ntchito imeneyi kumeneko n'kuyamikira, chifukwa dzanja lotentha limasungunula mafuta mu ufa payi isanalowe mu uvuni, khungu lake n'kutuluka lolimba. Iwo ankayamba aviika manja m'madzi a m'phiri asanakhudze ufa.

Panyumba yomweyo panali Hudson, woperekera zakudya patebulo. Ameneyu ndizingomutchula dzina, ulemu sanaugwirire ntchito. Anali msinkhu umodzi ndi a Wyson, wa jekete yoyera, wodziwa kuseka bwana akaseka. Alendo akayamikira payi, wowerama anali iyeyo, ngati kuti ufa anakanda yekha. Zaka zonsezo ankaima pakhomo la khitchini n'kumaonerera, a Wyson n'kumamuuza zonse mosabisa poti ankamuyesa mnzawo.

Mu 1973 kunamveka kuti mzungu uja akubwerera kwawo, ndipo ziwiya za m'khitchini asiyira khukhi wake. Sabata isanathe kunafika galimoto ndi anthu a chipani. Mlandu unali woti a Wyson anakolezera moto wa uvuni ndi nyuzipepala yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Ndi khukhi uti amene amayamba wawerenga pepala asanayatse moto wa m'mawa? Koma masiku amenewo funso lotere unkafunsira mumtima. Chidutswa chopserera cha pepalalo chinatuluka m'thumba la Hudson, atachisunga bwinobwino mu envulopu.

Kumene anawatengerako anakhalako miyezi khumi ndi umodzi. Za kumeneko sankakamba, anangobwerako mano atatu akutsogolo palibe. Nthawi yonseyo anthu ankalambalala nyumba yawo ngati muli nthomba, a mpingo wawo omwe ankadutsa akuyang'ana kumbali. Munthu mmodzi yekha ndiye ankafika, masanasana aliyense akuona: Che Bakali, telala wachisilamu wosokera pakhonde la sitolo pa Chinakanaka. Ankawatengera mayi Christobel, akazi a Wyson, ufa ndi nsomba zouma, ndipo mayunifolomu a ana anawasoka osanena kanthu. Akafunsidwa ngati sakuopa, ankayankha chapansipansi kuti njala ilibe khadi la chipani.

Atatuluka, a Wyson anapeza mzungu anapita kale, ndipo zitini zawo zonse zophikira, ndi uvuni womwe, zili pa Chinakanaka m'lesitilanti yatsopano ya Hudson. Munali matebulo asanu, nsalu za pulasitiki, ndi chithunzi cha mtsogoleri chachikulu kuposa zenera. Makalaliki a pa esiteti, aphunzitsi ndi madalaivala a malole ankadzazamo. Amalonda achisilamu nawo ankabwera. Payi ya nyama sankaikhudza posadziwa amene anazinga ng'ombeyo, koma ya chinanazi ankaidya ndi mtima wonse. Hudson ankawalandira yekha, akuwatsimikizira kuti m'zotsekemera mulibe nyama, muli zipatso ndi shuga.

Munthu woti anatengedwapo ndi galimoto palibe ankafuna kumulemba ntchito. A Wyson anayamba kulima zinanazi n'kumazigulitsa pakhonde lomwe lija, pambali pa makina a Che Bakali. Kuchokera pamenepo khomo la lesitilanti linkaoneka bwinobwino, ndipo mphepo ikatembenuka fungo la mapayi awo omwe linkawapeza ali chikhalire. Sankafuna zitini, sankafuna kupepesedwa. Ankafuna kuona Hudson atagwa pamaso pa anthu, dzuwa likuwala, monga mmene iwo anatulutsidwira m'khitchini epuloni ili m'chiuno. Mlandu suola, ankatero akamasenda chinanazi, ndipo mpeni unkalowa mozama kuposa mmene chipatsocho chinkafunira.

Tsiku lina, zinanazi zitangoyamba kupsa, Che Bakali anawakakamiza. Anati munthu sangadane ndi khomo mpaka kalekale, apite limodzi kwa Hudson akamwe tiyi, akawauzenso ngati Hudson akufikako pa luso lawo. A Wyson anakana kawiri, kachitatu anadzuka, chifukwa telalayu sakanatha kumukanira kanthu. Hudson anawalandira ndi manja awiri, akuti achimwene asowatu, ngati sankadziwa kumene anasowera. Anawaikira payi ya nyama, Che Bakali ya chinanazi. Ya nyamayo inali anyezi yekhayekha, nyama yochita kufufuza ndi foloko, ndipo a Wyson anakondwa pang'ono. Kenaka Che Bakali ananyema yawo n'kuwapatsako kuti alawe.

Lilime linadziwa mutu usanaganize. Khungu lija linanyenyeka m'kamwa n'kusungunuka, ndipo pansi pa shuga panali kafungo kamene khukhi sangakasokoneze ndi china chilichonse. Anali mafuta a nkhumba. Umu ndi mmene dona ankakondera, ndipo ndi njira yokhayo imene Hudson anaiona kawirikawiri ataima pakhomo paja. Njira ina inalipo, ya majarini, imene a Wyson ankagwiritsa ntchito kukabwera alendo osadya nkhumba, koma imeneyo imafuna manja ozizira ndi mtima wodekha. Manja a Hudson ankakhala a thukuta ngakhale mu Juni.

A Wyson anatsegula pakamwa kuti anene, kenaka anayang'ana uku ndi uku. Munali madalaivala awiri ndi mphunzitsi mmodzi basi. Akanena pompo, Che Bakali alavula, Hudson akana, chitini cha mafuta chisowa dzuwa lisanalowe, ndipo iwo akwezedwanso galimoto chifukwa choipitsa dzina la munthu wokondedwa ndi chipani. Kubwezera kotero kunali kochepa kwambiri pa mano atatu ndi miyezi khumi ndi umodzi. Anameza, napukuta pakamwa, nati yakoma. Apa ndi pamene ine ndimawakwiyira a Wyson, ngakhale ndimawamvetsa.

Anadikira masabata asanu ndi limodzi. Tsiku lililonse la msika Che Bakali ankawatenga kukamwa tiyi, iwo n'kumapita, n'kumakhala moyang'anizana ndi mnzawo akutafuna. Anafufuza mpaka anadziwa kuti mafutawo ankachokera kwa Isake, wopha nkhumba wa ku Milonde, ndipo ankalowera khomo lakuseri ali m'chitini cha majarini. Anamvanso kuti pa tsiku la Idi ya nsembe, mapemphero a Asilamu akatha, Che Kasimu, mkulu wa pamzikiti komanso mwini golosale yaikulu pamalopo, adzabweretsa alendo ake kuti adzalawe mapayi otchukawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo a Wyson anadekha mpaka mayi Christobel anayamba kuwafunsa chimene ankamwetulira okhaokha.

Tsikulo linafika. A Wyson anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kukakhala pakona ndi kapu ya tiyi. Lesitilanti inadzaza mikanjo yoyera, mipando ina yochita kubwereka kusitolo, Hudson akuuluka pakati pa matebulo ngati wamera mapiko. A Wyson akanatha kulankhula mbale zisanafike. Sanatero, anadikira mpaka aliyense atadya theka. Ndiye anaimirira, naomba m'manja mwaulemu. Masiku amenewo kudzudzula munthu kunali koopsa, koma panalibe lamulo loletsa kuyamikira.

"Akuluakulu, mundikhululukire," anatero. "Ine ndaphika mapayi zaka makumi awiri, koma lero ndavomera kuti achimwene angawa andiposa. Ambiri amachita ulesi, amangoika majarini. Awa ayi, asunga lamulo la dona. Khungu lonyenyeka chonchi silituluka popanda mafuta a nkhumba."

Che Kasimu anaika foloko pansi pang'onopang'ono. Hudson anaseka, nati kumene anapita a Wyson kuja kunawasokoneza mutu, ndipo anakana kwamtuwagalu. Akanalekera pomwepo mwina akanapulumuka, koma mantha amapusitsa munthu. Anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi chitini chija, akuloza malembo a majarini kuti aliyense awerenge yekha.

"Majarini ndi achikasu, Che Kasimu," anatero a Wyson. "Tatsegulani muone."

Anatsegula. Munali mafuta oyera mbee, ndipo fungo lake silinafune womasulira. Palibe anamumenya Hudson, palibe anamutukwana. Anthu aja anatuluka mmodzimmodzi kulunjika ku mpope kukatsuka m'kamwa, ena anasanza m'ngalande, mikanjo ya Idi atakwinyira m'mwamba. Hudson anatsala ataima pakati pa matebulo, chitini chili m'manja, ndipo a Wyson anamaliza tiyi wawo mpaka dontho lomaliza akumuyang'ana.

Hudson anathamangira kwa a tcheyamani a chipani, koma akananena kuti chiyani? Anthu oposa makumi awiri anamva ndi makutu awo kuti a Wyson anangoyamikira. Ufa wa tirigu ndi shuga ankagula kwa Che Kasimu, amene tsopano sankamuonanso akalowa m'golosale. Akhristu nawo anayamba kufunsana kuti munthu wobisa zotere m'payi ya chinanazi, m'payi ya nyama amabisamo chiyani, ndipo ena analumbira kuti agalu achepa pa Chinakanaka. Limenelo linali bodza, koma a Wyson sanavutike kulitsutsa. Mvula isanathe lesitilanti inatsekedwa.

Tsiku limene Hudson ankakweza katundu wake palole kupita ku Limbe kukanyamulanso mbale za eni, a Wyson anali pakhonde, akuseka ndi chibwano chonse, mpata wa mano uja uli poyera. Anakondwa, ndipo sanabise. Zinanazi ziwiri anapereka ulere kwa anthu odutsa. Anayambanso kufotokoza, mwina kakhumi, mmene nkhope ya Hudson inagwera chitini chitatsegulidwa. Che Bakali ankangopalasa makina, mutu uli pansalu. Chichitikire zija anali atachepetsa zolankhula, ndipo a Wyson ankayesa kuti ndi manyazi chabe.

"A Wyson," anatero Che Bakali osadzutsa mutu, "kodi munadziwa liti?"

Akanatha kunama. Akanati anazindikira m'mawa wa Idi womwewo, nkhani ikanathera pomwepo. Koma kunena kuti khukhi wa zaka makumi awiri anatenga masabata asanu ndi limodzi kuti amve mafuta a nkhumba kunali kudzinyoza, ndipo munthu ali pachimake cha chisangalalo sayeza mawu.

"Tsiku loyamba lomwe lija," anatero. "Ine lilime langa silinama."

Makina anaima. Che Bakali anachotsa magalasi n'kuyang'ana mnzawoyo nthawi yaitali, osakwiya, ndipo a Wyson akanakonda akanakwiya.

"Hudson sanali mbale wathu, anachita zimene munthu wadyera amachita," anatero. "Koma inu munkakhala patsogolo panga, mukundionerera ndikutafuna. Tsiku lina munachita kundifunsa ngati sindionjezera ina."

A Wyson anayesa kufotokoza za mboni, za galimoto, za mano awo. Che Bakali anamvetsera zonse mpaka kumapeto, nati zonsezo ndi zoona. Kenaka anawapempha mwaulemu kuti asunthe zinanazi zawo pakhondepo, chifukwa zikutchinga makasitomala.

A Wyson anasamukira tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo wa mango, ndipo anagulitsa pamenepo mpaka anakalamba. M'mawa uliwonse ankapereka moni kwa Che Bakali, iwo n'kuyankha bwinobwino, kufunsa za mayi ndi ana, basi. Nthawi ya tiyi ikakwana, telala uja ankatulutsa chikondamoyo chochokera kunyumba, n'kutembenuza mpando wake kuti adye a Wyson asakuona.