Nyanga ya Bambo

Chaka chimene ndinalowa koleji m'tauni, dziko linali litangolengezedwa kuti ndi lachikhristu, ndipo aliyense anali atabadwanso mwatsopano, ngakhale makondakitala a minibasi. Ife ophunzira tinkakumana Lachitatu masana m'kalasi, ndipo katundu woyenda malonda pamenepo anali umboni. Wina anali chidakwa, wina ankaba matayala ku Kitwe, mtsikana wina wa ku Kabulonga ankalota akudya ndi njoka. Ambuye ankaoneka kuti amakonda anthu amene anayamba awavutitsa kaye.

Ine ndinalibe kalikonse. Ndinakulira m'mafulati a ku Kabwata, mayi anga anali a chigwirizano kutchalitchi, ndipo tchimo langa lalikulu linali kunyambita shuga. Ndani angakuombere m'manja chifukwa cha shuga? Miyezi itatu ntchito yanga inali kusanja mipando, ndipo nsanje inkandidya.

Ndiye tsiku lina ndinaimirira n'kunena kuti malemu bambo anga ankasunga nyanga m'nyumba, ndipo ine ndinapulumuka mwa chisomo chokha. Abale inu, kukumbatiridwa kwake. Tcheyamani wathu, wa jekete lakale logula pa salaula, lofika m'mawondo, anayamba kunditchula kuti ba mlaliki. Ndinakula mu uzimu sabata imodzi yokha.

Loweruka m'mawa anzanga a mapemphero aja anafika kwathu asanu ndi atatu, atanyamula botolo la parafini. Sindinawaitane, ati Mzimu ndiwo unawatuma. Mayi anawalandira bwino n'kuteleka madzi a tiyi pa mbaula. Alendowo anafufuza kuchipinda mpaka anapeza m'sutikesi kanyanga ka ng'ombe kosalala, kamene bambo ankavalira nsapato popita kuntchito. Mayi ankakasunga m'kansalu pamodzi ndi chithunzi cha ukwati.

"Ndiye iyi," anatero tcheyamani. "Ba mayi, mwana wanu anatiuza zonse."

Mayi anatembenukira kwa ine. "Iwe, tawauza anzakowa kuti ichi n'chiyani."

Ndinkadziwa kuti ndikanena zoona, Lachitatu ndibwerera ku mipando. Basi ndinatseka maso, ndinakweza manja, n'kuyamba kupemphera mofuula. Linali pemphero lokoma ndithu, ma ameni anali mbwee.

Nyanga sipsa msanga, ndipo imanunkha koopsa. Aneba anatuluka kudzaonerera, ndipo pomwe utsi unkatha, fulati iliyonse inali itamva zimene mayi wa chigwirizano uja ankabisa m'sutikesi. Asilikali a Ambuye anamwa tiyi ndi mabanzi, anathokoza, n'kukakwera minibasi akuimba.

Ndinatsala ndi mayi pabwalo. Iwo anatenga tsache n'kuyamba kusesa phulusa, osandiyang'ana.

"Ukanandiuza kuti kusukulu akufuna tchimo, ndikanakupatsa langa," anatero. "Bambo ako anakulakwira chiyani?"