Malire a Pachingwe Choyanikira Zovala

Mayi Telala ndi munthu wosadziwa kukangana. Kasitomala angabweze diresi katatu, iwo amangomasula ulusi n'kusokanso, mapini ali kukamwa.

Bambo awo atamwalira, iwo ndi achimwene awo anagawana puloti popanda phokoso. Amalume anaima pabwalo, naloza chingwe choyanikira zovala. "Uku kwa mlongo, uko kwa mchimwene." Zinathera pomwepo. Kukhonsolo sikunapite munthu, moti puloti inakhalabe imodzi, m'dzina la malemu. Mayi Telala anamanga kachipinda kosokeramo kolekezera pachingwepo, ndipo ana awo anakula ndi ndalama za makina a m'menemo.

Kenako achimwene aja anagulitsa mbali yawo kwa mkulu wina wamashopu, n'kusamuka osatsanzika. Wamashopu anadzutsa nyumba yosanja. A khonsolo ataiona anakweza msonkho wa puloti yonse, ndipo kalata inkafikira kwa Mayi Telala, poti nambala inali pachitseko chawo. Kusoka zovala kuti alipirire nyumba yosanja ya eni ake! Tulo tinawathawa. Atamva kuti osalipira amalandidwa katundu, anayamba kuyang'ana makina awo ngati mwana wodwala.

"Chonde bambo, tigawireni msonkhowu, aliyense asenze wake," ankadandaula kuofesi, ulendo ndi ulendo, mpaka mlonda wapageti anawazolowera.

"Sitigawa msonkho malo asanagawidwe, mayi," anatero kalaliki. "Abwere woyeza malo."

Woyezayo Mayi Telala anamulipira okha, n'kumuikira mpando pamthunzi. Paja walira mvula walira matope. Iye anafunsa wamashopu kuti anagula chiyani, ndipo pepala linati theka la puloti. Theka lenileni, osati la amalume. Tepi yoyezera inalowa pakhomo la kachipinda kaja, inadutsa pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, n'kusiya makina mbali ya eni.

"Koma malire athu ndi chingwe," anatero Mayi Telala.

"Chingwe chake chiti, mayi?" anafunsa woyezayo.

Chinali chitaduka kalekale. Amalume anali kumanda, achimwene foni osayankha.

Msonkho anaugawadi, wawo unatsika bwino lomwe. Wamashopu, munthu waulemu wake, anavula chipewa nanena kuti sangawathamangitse, azingolipira lendi ya kachipindako mwezi ndi mwezi. Mayi Telala anathokoza, poti ndi mmene analeredwera, koma mtima unawawa koopsa. Njerwa za kachipindako anaumba okha. Analowa, nakhala pamakina, koma phazi linakana kuponda.