Pogona pamene ndinayalira Anaphiri

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anasasula udzu padenga la nyumba yathu ku Wimbe kuti akhome malata. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali nyengo yozizira, ndipo pakhomo ponse pankanunkha fodya wouma.

Tinali ndi mphaka wamkazi wotuwa. Amayi anamutcha Anaphiri chifukwa ankayenda monyada ngati mayi wolowa m'tchalitchi ndi chitenje chatsopano. Ntchito yake inali kugwira makoswe m'chigafa cha fodya. Sabata imene amisiri anayamba ntchito, Anaphiri anaberekera ana anayi pamulu wa fodya amene tinali titasankha kale.

"Uwachotsepo alendo akowa," anatero bambo. "Fodya wonunkha mkodzo wa mphaka agula ndani?"

Masiku omwewo bambo anali atabwera ndi matumba awiri a chinthu chonga thonje, chachikasu. Anachitola ku esiteti kumene ankagumula nyumba yakale. Ankati akachiyala kunsi kwa malata, nyumba sidzatentha mu Okutobala. Dzina lake palibe ankalidziwa.

Ine ndinangoona kufewa kwake. Ndinatapa chambiri mwakabisira, n'kuyala m'dengu lakale kuseri kwa nkhokwe. Manja anandiyabwa ngati ndagwira chitedze, koma ndinati mphaka ali ndi ubweya, sizingamuyabwe. Ndinagoneka tianato mmenemo, titatu totuwa ndi kamodzi kakuda, maso asanatseguke. Mumtima ndinanyadira kuti tianato sitimvanso mphepo.

Anaphiri anakana. Ananyamula ana ake pakhosi mmodzimmodzi kubwerera nawo kufodya. Ndinawabweza. Anawanyamulanso, ndinawabwezanso. Kachitatu ndinamulowetsa nayenso m'dengumo, ndinavundikira ndi lichero, pamwamba n'kuika njerwa. Ndinkaopa kuti bambo akapezanso tianato pafodya akatitaya kudambo. Ndinamumva akukanda dengulo, ine n'kumuuza kuti, "Khalani chete Anaphiri, ndikukuthandizani."

Nditavundukula m'mawa ndinamupeza akunyambita ana ake osaleka. Ubweya wawo unali kunyezimira ndi tinthu ting'onoting'ono. Pofika tsiku lachitatu tianato tinkayetsemula, timphuno titatupa, ndipo tinasiya kuyamwa. Kakuda ndi kamene kanayamba kufa. Tonse ndinatikwirira ndi khasu la amayi pansi pa mtengo wa mango.

Anaphiri anatsala akutsokomola ndi kusanza. Ndinamupatsa usipa, anangoununkhiza. Tsiku lina masana ndinamuona akulowa pang'onopang'ono m'munda, pakati pa mapesi a fodya. Ndinamuitana, sanacheuke.

"Wadya khoswe wa mankhwala ameneyu," anatero amayi. Ine za dengu lija ndinabisa. Kuyambira kale pakamwa panga mpolemera.

Chaka chino ine ndi bambo a kunyumba tikuika siling'i m'nyumba yathu ku Mtunthama. Mmisiri atatambasula mpukutu wa chinthu chachikasu chonga thonje chija, manja anga anayamba kuyabwa ndisanaukhudze n'komwe. Anatiuza kuti ndi tiulusi ta galasi, ndipo iyeyo anavala magolovesi ndi chophimba kumphuno. Masiku ano anthu akudziwa. Ine amene sindiyankhula pamaso pa alendo ndinamupempha kuti asayambe mpaka nditatulutsa mphaka wathu, ndiponso kuti zotsala zonse azimange m'thumba. Anaseka, koma anadikira.

Tikupita kukamusiya mphakayo kwa apongozi, mwana wanga Tadala anandikoka nsalu.

"Amayi, tikanatengako thonje lija, pusi azikagonapo."

Ndinaima panjira. Ndinamukhazika pachitsa, n'kumuuza za Anaphiri, za dengu ndi za njerwa ija. Amayi anga anamwalira akukhulupirira kuti Anaphiri anadya khoswe wa mankhwala. Tadala ndiye munthu woyamba kumva zoona zake.

Kwa apongozi tinayala chitenje chakale pakhonde. Mphakayo anachinunkhiza, anachisiya, n'kukagona pathumba la chimanga. Tinamuleka pomwepo.