Timipata Titatu pa Bodi ya Sikelo

Mabodi mazana awiri adafika m'katoni imodzi. Makumi asanu ndi limodzi adalowa m'masikelo a magetsi nkugulitsidwa, ndipo masikelo khumi ndi anayi anali atabwezedwa kale. Eni mashopu onse ankadandaula chimodzimodzi: sikelo imayeza bwinobwino, koma ikangoyamba kusindikiza lisiti, manambala amazima nkuyambiranso ngati munthu wodzidzimuka kutulo.

Mwini malondawo anali mkamwini wa a Tiyeze, ndipo apa ndi pomwe nkhani idavutira.

Tiyeze silinali dzina la pobadwa. Adalitola pa ntchito, chifukwa munthu akawauza kuti batire ndi latsopano, yankho lawo linali lakuti, "Tiyeze kaye." Adayamba ndi mawailesi pakhonde la sitolo ya amalume awo, kenako ma TV, kenako adakalamba nayo ntchito pa kampani ina yokonza zipangizo za matelefoni. Itatsekedwa kampaniyo, anzawo adagula mipando ndi mafiriji pa okushoni. Iwo adabwera ndi chibokosi chotuwa, cholemera ngati thumba la simenti, chotchedwa netiweki analaiza.

"Amuna anzanu abwera ndi firiji," adatero akazi awo, "inu mwabwera ndi TV yosaonetsa ngakhale mpira."

Chibokosicho chidakakhala m'kachipinda ka kuseri, pa tebulo lopsaipsa ndi chitsulo chowotcherera. Ndi mmenemo mkamwini adawapeza m'mawa wina, atanyamula mabodi awiri, timathabwa tobiriwira todzaza tizipangizo. Ina inali yachitsanzo, yomwe ogulitsa adatumiza poyamba. Inayo adaichotsa m'sikelo yobwezedwa.

"Bambo, ndayeza ndi mita yanga, mavoliti asanu a magetsi ndendende. Vuto palibe. Mungoti mundionereko, kuti ndikauze wa golosale yaikulu uja kuti mwaona inu. Akufuna masikelo zana limodzi."

A Tiyeze adamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Mawu akuti "mwaona inu" sadawakomere. Mnyamatayu ankawerengera mofulumira kuposa kakyuleta, ndipo iwo sankakhulupirira munthu wotere. Kodi sadagule zotchipa akudziwa, tsopano akufuna dzina lawo likhale chidindo? Komabe mwana wawo wamkazi ndiye adayima pakhomo la shopu ya mwamuna wakeyu kulandira masikelo obwezedwawo ndi mawu onse a eni ake.

"Akamwini, mita yanu imaona magetsi atakhala pansi. Kaprinta ka malisiti kakadzuka kamameza mphamvu kamodzi n'kamodzi. Timakapasita iti," adaloza tinthu tonga njere za mchenga, "ndi tizidebe ta madzi tapafupi ndi khomo. Mpopi ukachedwa, umatunga m'chidebe. Chibokosi ichi chimationetsa ngati njira ya magetsi ikulola kapena ikukana. Kukanako amati impidansi."

Adawotcherera zingwe ziwiri pa njira ya magetsi ya bodi yobwezedwa ija, china chotumiza kasiginolo, china chomvera. Chibokosi chidaliza fani, chidayendetsa kasiginoloko kuchoka pa liwiro lochepa mpaka lalikulu, ndipo mzere wachikasu udajambulika pa sikirini. Pa bodi yabwino mzerewo umagona pansi. Apa udakwera chiphiri.

Mkamwini adagwira m'mutu. "Andibera! Ndiwayimbira pompano."

"Ikani foni m'thumba."

Phirilo lidakula mopitirira, ndipo a Tiyeze adalikayikira. Adachotsa zingwe zonse ziwiri nkuziwotcherera pa kachidutswa ka mkuwa wopanda kanthu. Pamenepo mzere umayenera kugoneratu. Sudagone. Adang'ung'udza, natembenuza chingwe china, napeza kuti nsonga yake adaisiya yaitali, ndiponso cholumikizira chidakhwefuka.

Akazi awo, amene ankadutsa ndi beseni la zochapa, adasuzumira. "Wakuba wapezeka?"

"Woyamba ndine," adayankha osatembenuka.

Mkamwini adabisa kuseka m'chikhatho. A Tiyeze adafupikitsa nsongayo, adamanga cholumikizira, adauzanso chibokosi pomwe pali ziro. Kenako adayamba ndi bodi yachitsanzo. Mzere udagona ngati mphasa. Adabwerera ku yobwezedwa. Chiphiri chija chidapita, koma padatsala kachulu pakati, kosasunthika ngakhale adagwedeza zingwe.

"Aka ndiye ndi kanu."

Adaika mabodi awiriwo pamodzi pansi pa galasi lokulitsira. Ankafanana ngati mapasa. Pambali pa polowera waya wa kaprinta panali kachivindikiro ka chitsulo. Adakatenthetsa nkukatukula pa bodi zonse ziwiri. Pa yachitsanzo panali timakapasita tisanu. Pa inayo panali tiwiri, ndi timipata titatu tonyezimira, tosakhudzidwa ndi mtovu chipangidwire.

A Tiyeze sadayang'ane bodi. Adayang'ana nkhope ya mkamwini.

"Mtengo mudatsitsa?"

"Ndidatsitsa ndithu, bambo. Malonda n'kunenerera."

"Ogulitsawo adati chiyani?"

Mnyamata adatulutsa foni, adafufuza mauthenga pang'ono, nayibwezera m'thumba.

"Adati achotsako tina tosafunikira kwenikweni. Ine ndinkayesa akunena za katoni ndi timabuku ta malangizo."

"Ndipo inu mudavomera."

"Ndidathokoza kumene."

Nkhope imeneyo a Tiyeze adaiyeza nthawi yaitali. Munthu wodziwa kale akadayamba kutukwana ogulitsa kuti aphimbe zake. Uyu makutu adangomufiira, maso ali pa timipata tija. Sadakhulupirire zonse, poti sikhalidwe lawo, koma phewa lawo lidatsikako.

"Ndiye kubweza katundu sikutheka," adatero mkamwini chapansipansi. Kenako maso adayamba kuyendayenda, milomo ikuwerenga. "Titatu pa bodi, mabodi mazana awiri, timakapasita mazana asanu ndi limodzi. Amagulitsa timakapasita chikwi chimodzi pa mkombero umodzi, totchipa kuposa machesi. Bambo, kuwotcherera bodi imodzi kungakutengereni nthawi yanji?"

"Kunditengera ine? Maso anga mudagula ndinu?"

"Ndiye mundiphunzitse."

A Tiyeze adachotsa timakapasita titatu pa bodi yakale ya m'kabati, nawotcherera m'timipatamo. Kachulu kadaphwa. Sadamwetulire. Adatuma mkamwini akatenge sikelo yathunthu m'galimoto, adalowetsamo bodi ija, ndipo adasindikiza malisiti motsatizana mpaka pepala lidafika pansi. Manambala sadaphethire.

"Wa golosale ndimuuze kuti zatheka?"

"Mumuuze kuti adikire. Bodi imodzi si mabodi mazana awiri. Amene wachotsa titatu apa mwina wasinthanso china pena pomwe sitidatukule."

"Ndipo dzina lanu, bambo?"

"Dzina langa lisiyeni m'nyumba muno."

Adagwirizana chonchi. Mawa mkamwini akagula mkombero wa timakapasita ndi kubweretsa masikelo onse khumi ndi anayi. Adzawotcherera yekha atakhala pambali pa apongozi ake, ndipo bodi iliyonse idzadutsa pa chibokosi isanatsekeredwe m'sikelo. Zikatha zimenezo, adzayendera mashopu makumi anayi ndi asanu ndi limodzi omwe sadadandaulebe, kukatenga masikelo awo asanazime pamaso pa kasitomala.