Batire la Kandege Padzuwa

Ababa anga, chiyambireni kudwala miyendo, anasanduka kapitawo wa pakhonde. Munda wawo wa mpunga kudambo la kwa Mposa ndinkalima ndine, koma tsiku lililonse ankafuna ndiwafotokozere zonse. Ndikawajambulira pa foni ankangopukusa mutu. "Foni imaloza kumene mwini wake akufuna. Kuli udzu sungalozeko iwe." Zinkandiwawa, ndisaname. Zaka ziwiri ndili m'matope mpaka m'mawondo, munthu osandikhulupirira ngakhale pang'ono.

Achimwene anga atabwera kuchokera ku Joni anabweretsa kandege koseweretsa, kaja amati droni, kakang'ono ngati mbale ya ndiwo, ka mapiko anayi ndi kamera kumimba. Anandiphunzitsa kukaulutsa pabwalo, nkhuku zili balalabalala. Pobwerera anandisiyira. "Mpunga ukacha uwajambulire uli m'mwamba. Kumeneko kulibe chobisa." Ababa anavomera msangamsanga, poganiza kuti tsopano andigwira.

Mpunga unacha, ndipo odula ndinapangana nawo Loweruka la sabata yotsatira. Nditayesa kandege, kanangodzuka pang'ono n'kukhalanso pansi. Batire linali litatha moto, basi. Ndinalitulutsa n'kulisiya pazenera kuti mawa lake ndikatchajitse ku Nsanama, ine n'kupita kukaingitsa mbalame kudambo.

Tsono ababa ndi munthu wa wailesi. Moyo wawo wonse, miyala ya wailesi ikafooka ankaiyanika padzuwa, madzulo wailesi n'kuyambanso kuyankhula. Ndiye anadzikoka ndi ndodo yawo mpaka pakhola la nkhuku, n'kukaika batire lija palata lovindikira kholalo, tsiku lonse lathunthu. Pobwera ndinalipeza litatupa ngati chitumbuwa, lotentha losagwirika.

"Ababa! Mwatani apa?"

"Ndalidyetsa dzuwa. Taona mmene lakhutira."

Abale inu! Munthu wakuonongera chinthu, koma akudikira umuthokoze.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza wa ku Ntaja, kwa okonza mafoni. Woyamba analitembenuza uku ndi uku. "Ili langodzaza mpweya, achemwali. Tiliboole ndi singano liphwe." Mwamwayi ndinayamba ndaimbira achimwene. Mmene anakuwira, anthu pamsika anatembenuka. "Asaboole! Asatchaje! Limenelo limayaka moto wosazimitsika. Likwirire mu chitini cha mchenga, kutali ndi nyumba." Wachiwiri anati angomangirirapo batire la foni ndi mphira, kauluka bwinobwino. Ndinathokoza n'kunyamuka.

Kunyumba nkhondo inali pa chitinicho. Ababa sataya chinthu. "Lisiye pamthunzi, likazizira liphwa lokha."

"Iyayi ababa, ili lapita."

"Ana a masiku ano, chinthu chikangotsokomola mwakumba kale manda."

Ndinakalikwirira kuseri kwa dzenje la zinyalala, iwo akung'ung'udzabe.

Batire latsopano achimwene anapatsira munthu wonyamula katundu wa ku Joni. Masiku amenewo ndinkangoyang'ana foni, poti likachedwa mpunga udulidwa ababa asanauone uli chiimire. Linafika ku Balaka Lachinayi. Ndinakalitenga ndekha, ndinalitchajitsa konko, ndipo ulendo wonse linali m'chikwama changa, chikwamacho chili pamwendo.

Lachisanu m'mawa ndinayala mkeka pakhonde, n'kugoneka kandege chagada. Kapitawo anasendera pafupi.

"Bwera nalo ndiliyese ndi lilime ngati lili ndi moto."

"Ababa, manja kumbuyo, chonde."

Kumimba kwa kandege kuli kachitseko kokankha ndi chala. Batire limalowa mmenemo, ndipo kumapeto kwa mawaya ake awiri, ofiira ndi akuda, kuli kapulagi koyera kolowa mbali imodzi yokha. Ine ndi changu changa ndinakalowetsa chozondoka. Kanakana. Ababa akuti ndikamenye pang'ono ndi chigwiriro cha mpeni, mmene ankachitira ndi wailesi. Ndinangokatembenuza, ndipo kanalowa kokha kuti tswa. Nditatseka kachitseko, timagetsi tobiriwira tinayamba kuphethira.

"Waona? Ndimakuuza ine," anatero ababa. Chimene anandiuzacho mpaka lero sindikuchidziwa.

Kudambo kandege kanauluka mphindi zochepa chabe, koma ndinakayendetsa malire onse, ngakhale kumene mtima wanga unkakayika. Nditabwerako ndinawapatsa foni. Anavala mandala awo omanga ndi ulusi. Mpunga unali psuu, wowerama, kuchokera kumwamba mpaka kumunsi kumene madzi amatulukira. Anaonera kamodzi. "Bwezera." Anaoneranso, chala chili pagalasi kutsatira malire, kufunafuna polakwika. "Bwezeranso." Ine chilili pambali ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso, pamene ndine mayi wa ana atatu.

Kachitatu katatha anavula mandala, n'kupukuta m'maso ndi m'mphepete mwa mkanjo wawo. Akuti kuwala kwa foni kumawaliritsa.

"Odula aja mawa asadzere pano kudzandifunsa," anatero, akuyang'ana kumbali. "Mwini munda ndiwe."

Ndinadikira kachitonzo kotsatira, poti ababa samaliza nkhani popanda kokometsera. Sikanabwere. Ndinkayesa tsiku limeneli ndidzalulutira, koma ndinangotola kandege n'kupita kuseri kwa khitchini. Ndinali nditangoona ababa anga akutsanzikana ndi munda wawo, ndipo wowagwirira foni ndinali ine.