Nkhata ya munthu wamoyo

Lachiwiri m'mawa ndinatuluka ndi khasu kuti ndikazule maluwa anga onse. Inde, onse, ngakhale achikasu aja amene mbewu yake ndinachoka nayo kwathu ku Ntcheu nditaimanga pampango.

Ndikuuzeni chifukwa chake. M'dera lathu kuno ku Chitipa, pakhomo pamene pali maluwa ambiri ndi panga. Nanga mukudziwa amene amabwera kudzawapempha? Amayi a kumaliro. Akafika ndi mpeni m'manja sitifunsanso zambiri, timangoti, "Pepani, ndi ndani?" Amadula, amakaluka nkhata, nkhatazo zimakagona pamanda.

Mwana wanga Tawonga ali ndi zaka zisanu, koma maso ake saphonya kanthu. Chiikireni agogo ake aamuna chaka chatha, akangoona munthu akuthyola duwa amathamangira m'nyumba kukaona ngati tonse tilipo. Wina akasowa, kulira kwake sikwamasewera. Mwezi watha bambo ake anachedwa kusukulu kumene amaphunzitsa, tsiku lomwelo amayi ena atadzadula maluwa. Mwana anakana chakudya mpaka atawaona ndi maso.

Ine ndili ndi satifiketi ya kaleredwe ka ana. Ndinayesa zonse zimene anatiphunzitsa kukoleji, kumunyengerera, kumujambulitsa zithunzi, kumufotokozera pang'onopang'ono, koma osaphula kanthu. Mtima unkandiuza kuti mwanayu ndamudwalitsa ndine ndi maluwa angawa. Apongozi anga, amene timakhala nawo, sanatalikitse nkhani.

"Nyina Tawonga, maluwa si ndiwo. Zulani, mudzalepo mpiru."

Ndiye Lachiwiri lija nditaima ndi khasu, galimoto ya anthu okonza msewu wa ku Chisenga inaima pampanda. Munatsika bambo wamtali wandevu zambiri atavala nduwira, ndi mayi wa ku China amene amayeza msewuwo. Tawonga anandigwira chitenje.

Bamboyo anapereka moni m'Chiswahili poti anakulira ku Tanzania. Apongozi, amene anachita geni ya zitenje kumalire zaka zambiri, anasanduka otimasulira.

"Akuti akupempha achikasuwo."

Mwana anafunsa: "Wamwalira ndani?"

Apongozi atamasulira, bamboyo anaseka mpaka ndevu kugwedera. Kenako ananyonyomala kuti afanane msinkhu ndi Tawonga. Palibe wamwalira, anatero. Iye ndi wa chipembedzo cha Asiki, ndipo sabata ino kwawo kuli chikondwerero cha Vaisakhi, chothokoza Mulungu chifukwa cha zokolola. Anthu amavala zachikasu, amatunga maluwa pa ulusi n'kukongoletsa malo opemphererapo, ndipo amaphika chakudya choti adye aliyense, bwana ndi wantchito atakhala pansi limodzi.

Mayi wa ku China uja anandiuza m'Chingerezi kuti kwawo chaka chatsopano chikamayamba, nyumba amaidzaza ndi maluwa ofiira ndi nthambi zophukira, kuti chakacho chilowe ndi mwayi. Chaka chino anasakasaka paboma ponse, n'kungopeza apulasitiki. Ine chifundo chitandigwira ndinamuthyolera oyera, okongola kuposa onse. Mayi anabweza manja kumbuyo ngati ndamupatsa khala la moto. Oyera kwawo ndi a maliro! Ofiira ndiwo anawalandira ndi manja awiri.

Mwaona? Nawonso amalira, ndipo ali nawo maluwa olirira. Koma sanapereke munda wonse kwa akufa.

Nanga ife tinasochera pati? Paukwati timakongoletsa ndi maluwa apulasitiki odzaza fumbi, enieni onunkhira timasungira manda. Ndipo si maluwa okha. Wodwala amamwa phala lopanda shuga miyezi yonse, pamaliro pake n'kugwa ng'ombe. Mayi amakalamba osamvapo "zikomo" kuchokera kwa ana ake, koma akagona m'bokosi, mbiri yake timaiwerenga mpaka dzuwa kupendeka. Amamva ndani?

Akuluakulu anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Bambo uja anakhala pakhonde langa, n'kupempha singano ndi ulusi. Anamuonetsa Tawonga katungidwe kake, duwa pamwamba pa duwa, mpaka inatuluka nkhata yachikasu yolemera bwino. Mwana anaiyang'ana, anayang'ana tonsefe, kenako anapita n'kukaiponya m'khosi mwa agogo ake.

"Yayi, yayi!" apongozi anadzambatuka. "Iwe mwana, ukundiika ndili wamoyo?"

Ndinati basi, zonse zabwerera pakale.

Koma Tawonga anaika manja m'chiuno. "Agogo, iyi ndi ya anthu amoyo. Si mwakolola nyemba inu?"

Apongozi anaigwiragwira nkhata ija, anainunkhiza, kenako anathokoza kuti, "Yewo, mzukulu." Abale anga, mayi amene ankati maluwa si ndiwo anapita nayo kumjigo ili m'khosi, akuuza aliyense wofunsa kuti awaveka chifukwa nyemba zawo zabereka kuposa za aliyense. Anaivula pokagona.

Mayeso enieni anabwera Lachisanu. Amayi ena a ku Kaseye anafika ndi mpeni, ndipo nthawi iyi analidi maliro. Bambo a Tawonga anali asanaweruke. Ndinaima pakhomo ndikudikira kulira kuja.

Mwana wanga sanathawire m'nyumba. Anawatengera amayiwo kumene kuli maluwa oyera, n'kunena kuti, "Dulani awa. Achikasuwo ndi a agogo, ofiirawo ndi a chaka chatsopano." Amayiwo atachoka, iye anapempha mbatata yake n'kudya yonse.

Khasu lija ndinakalibweza kuseri kwa nyumba. Mpiru tadzala kumunsi, malo analipo.

Inu amene mukuwerenga, kwanu kuli wina amene wakolola nyemba chaka chino, makutu ake akadamva, mphuno yake ikadanunkhiza. Nkhata yakeyo mukuisungira tsiku liti?